Waya Wotsikira Kudambo

Sendererani pafupi, nkhani iyi sifuna kukuwa. Ndi ya a Kamphandira a kumtunda kwa Tsangano, aja anali ndi mlongoti wa nsungwi pakhomo, kale mafoni a m'manja asanabwere.

A Kamphandira anagwira ntchito yokonza matelefoni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Atapuma anakakhazikika kwawo kwa mkazi wawo, Nangozo, atanyamula sutikesi imodzi ya zovala ndi mabokosi anayi a mawaya. Wailesi yawo sinali iyi yomvera nyimbo ndi mauthenga a maliro ayi, inali yolankhulira. Anali ndi chiphaso cha boma, anali ndi dzina la manambala loitanidwa nalo mumlengalenga, ndipo madzulo aliwonse ankadzitsekera m'kachipinda n'kumacheza ndi anthu a ku Brazil, a ku Japan, ena a ku Kitwe, anthu oti sanawaonepo nkhope. Munthu yemweyo ukakumana naye panjira, moni wake unali wa mawu awiri. Kunyumba ndiye osanena. Nangozo ankauza anzake kuti iye akafuna kulankhula ndi amuna ake ayambe wapita ku Japan.

Waya wamkuwa wotalika mamita makumi anayi unkachoka pa mlongoti kukafika pa bulugamu wa kuseri kwa khola. Mbali zonse anaumangirira pa tizikho toyera tija ta pa mapolo a telefoni, kuti mphamvu isathawire mumtengo. M'kachipindamo munali batire ya lole, wailesiyo, ndi kabokosi kena kokhala ndi singano. Singano imeneyi ndiyo inkawalamulira bambowa. Ikagona kumanzere ndiye kuti mawu onse akutuluka, akupita kutali. Ikadzuka n'kupendekera kumanja ndiye kuti mphamvu ikubwerera m'wailesi, ikungotenthetsa zitsulo, kunja sikukumveka kanthu.

Chaka chimenecho singano inakana kugona. Vuto analidziwa. Waya wa m'mwamba sugwira ntchito wokha, umafuna mnzake wa pansi, womangidwa ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka yonyowa. Tsono pakhomo pawo panali pa miyala, pouma gwa. Anakhoma kuseri kwa nyumba, chitsulo chinapindika. Anakhoma pafupi ndi bafa, chinalowa pang'ono, singano osasuntha.

Masiku omwewo mwana wawo mmodzi yekhayo, Lonesi, anali atabwera kuchokera ku Balaka kudzadikirira kwa amake. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo iyi inali mimba yachitatu. Ziwiri zoyamba zinapita padera. Pakhomopo panalibe wotchula kanthu, koma mtima wa aliyense unali pa mimba imeneyo. A Kamphandira nawonso ankamukonda mwana wawoyo, ankamukonda zedi, kungoti chikondi chawo chinkatulukira m'mawaya. Ankati msewu wa kuno mvula ikagwa sudutsika, chipatala chachikulu chili kuboma, choncho wailesi iyenera kumveka bwino kuti tsiku likadzaipa adzathe kuitana thandizo. Apa sankanama.

Ndiye anayamba kuyendayenda, kufunafuna chinyezi. Kumusi kwa dimba lawo, m'mphepete mwa dambo, kunali kathengo ka bango kosalimidwa. Dothi lake lakuda bii, lonyowa chaka chonse. Amayi akamapita kuchitsime ankakalambalala, njira n'kukhota popanda chifukwa chooneka. A Kamphandira anali mkamwini pamudzipo, ndipo moyo wawo wonse anautha ali pamwamba pa mapolo. Anaona kathengoko n'kunena mumtima kuti anthu a kuno ndi aulesi, akusiya nthaka yabwino chonchi.

Loweruka masana anatsikira komweko ndi paipi yamkuwa yotalika kuposa iwo, hamala, thumba la makala ndi paketi yathunthu ya mchere yomwe anatenga m'khitchini mwakachetechete. Umu ndi mmene amisiri a ntchitoyi amachitira: amakumba mozungulira chitsulo, n'kuthira makala ndi mchere, kuti nthaka izisunga madzi ndi kutsegulira magetsi njira. Paipi ija ataiimika inalowa yokha mkono wonse, hamala isanaigunde n'kamodzi komwe. Anadabwa pang'ono. Pansipo panali pofewa ngati pamene panakumbidwapo kale. Anakhoma yotsalayo, anathira mchere wonse, anakwirira. Kenaka anakumba kangalande kukwera mtunda mpaka pa zenera la kachipinda kawo, n'kugonekamo waya.

Atayatsa wailesi, singano inagona phee kumanzere. A Kamphandira anaseka okha mokweza, mpaka Lonesi anasuzumira pakhomo kuti aone ngati kwabwera mlendo.

Usiku umenewo anafika kutali kuposa kale lonse. Koma pakati pa mawu a anthu, paja pamangomveka kuwayula kwa mphepo, panali kenakake. Kanali kotsika kwambiri, kakumveka n'kusiya, kakumveka n'kusiya. Anapotokola kagudumu ka pa wailesi kusamukira kwina, kali pomwepo. Anasamukira kutali kwenikweni, kali pomwepo. Munthu wa ntchito yake amadziwa kuti phokoso lopezeka paliponse silichokera kumwamba, limakhala la pakhomo pomwepo. Anamasula waya wa pa mlongoti, mawu a anthu onse anazima, koma iko kanatsala, tsopano kakumveka bwino. Kanali kupuma. Kupuma kwafupikufupi, kothamanga, kwa kachifuwa kakang'ono. Anamasula waya wa pansi, kunangoti zii. Anabwezera, kanayambanso.

"Dzimbiri," anatero a Kamphandira, ngakhale waya anali watsopano. Anazimitsa n'kukagona, koma tulo sanatione.

M'mawa Nangozo anawapeza pakhonde.

"Bambo a Lonesi, mchere wanga mwauona?"

"Ndatenga ndine. Ndikugulirani wina."

"Paketi yonse? Mwayamba kuweta ng'ombe?"

"Ndathira pa chitsulo changa. Wailesi imafuna zimenezo."

"Chitsulocho chili kuti?"

"Kumusi kuja, pa bango paja simulimapo."

Nangozo anali ndi ndowa m'manja. Anaiika pansi pang'onopang'ono, n'kukhala m'mphepete mwa khonde, nkhope itatembenukira kudambo. Kenaka anati:

"Kazuleni."

"Chifukwa?"

"Kazuleni basi. Lero lomwe."

"Mayi a Lonesi, mwezi wathunthu ndavutika. Pano zatheka ndiye mukuti ndizule? Nenani chifukwa, ndimve."

"Si zonena kwa amuna."

"Ndiye si zomvera amuna," anatero a Kamphandira, n'kulowa m'kachipinda kawo. Ine ndikakumbuka yankho limeneli ndimapsa mtima mpaka lero, chifukwa anali munthu wanzeru.

Zinayamba ndi galu. Galu wawo, yemwe ankagona pansi pa zenera lija chibadwire, anasamukira kukhola, ndipo akafika pa kangalande ka waya ankaima, n'kubwerera, n'kukazungulira kutsogolo kwa nyumba. Lolemba m'mawa Lonesi akusesa anapeza kamulu ka mchere pa khomo la chipinda chake, mchere wonyowa, wosakanikirana ndi dothi lakuda. Kanali kochepa, kokwana m'kadzanja. Anakasesa osanena kanthu. Mawa lake kanalinso pomwepo. Nangozo anasiya kudya, ankangoyendayenda pabwalo, kulowa m'khitchini, kutuluka, kuyang'ana kumusi. Tsiku lina a Kamphandira anamupeza Nangozo kuseri akuchapa bulauzi mobisa, atafunda chitenje pachifuwa, ndipo yomwe anavalayo inali yonyowa malo awiri. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi. Maso awo anakumana, ndipo aliyense anayang'ana kumbali.

A Kamphandira anasiya kucheza ndi a ku Brazil. Usiku ankamasula waya wa pansi n'kuusiya ukulendewera pakhoma. Sizinathandize. Nyumba ikati zii, ankaika khutu pafupi ndi nsonga ya wayayo, ndipo ankabwerera msanga, poti kupuma kuja kunkamvekabe. Ankayeza batire, kupukuta polumikiza, kutsegula wailesi n'kuitsekanso. Ankafuna kupeza chinthu chowonongeka, chinthu choti munthu n'kuchikonza. Zonse zinali bwinobwino, ndipo izi n'zimene zinkawaopsa.

Mvula inayamba Lachiwiri la sabata yotsatira, ija yosakata. Lachitatu Lonesi anati mwana, yemwe ankamudzutsa mbandakucha uliwonse ndi timiyendo, wangokhala duu. Lachinayi chimodzimodzi. Anamukweza pa ngolo kupita naye ku kachipatala ka pafupi. Namwino anamvetsera nthawi yaitali ndi kachitoliro kake pamimba, n'kunena kuti mtima ukugunda, koma motsika, ndipo apite kuboma mwamsanga. Apite bwanji? Mlatho unali utakokoloka dzulo lake. Galimoto ya chipatala ikanatha kuzungulira njira ya kumapiri, koma panafunika wina woidziwitsa, ndipo telefoni ya pa kachipatalapo inali itafa kalekale.

Anabwerera kunyumba kukuda. A Kamphandira sanavule n'komwe jekete yonyowayo. Analumikiza mawaya onse awiri, anayatsa, singano inagona. Ku Lilongwe kunali mnzawo wa pa wailesi, a Mkwapatira, yemwe anali ndi telefoni kunyumba kwake ndipo ankakhala akumvetsera nthawi ngati imeneyo. Anatenga maikolofoni, anadina, anaitana.

Tsono wailesi yotere ili ndi khalidwe lake: ukadina kuti ulankhule, siumva kanthu. Umamva ukasiya. Atasiya, mawu a Mkwapatira anabwera bwinobwino.

"Ndakumvani, achimwene, koma muli patali. Kodi zatheka kale? Tikuthokoza Mulungu. Wamwamuna kapena wamkazi?"

Anadina. "Sanabadwe. Mverani, tikufuna galimoto ya chipatala. Mlatho wapita. Imbani kuboma."

Kuchipinda china Lonesi anabuula. Sanali munthu wobuula, ngakhale pa ngolo paja sanatulutse mawu. A Kamphandira atachotsa chala, kubuula kunaleka.

"Bwerezani," anatero a Mkwapatira. "Ndangomva zoti mlatho. Khandalo likukuphimbani. Lili pafupi ndi maikolofoni kuposa inu. Auzeni amayi alitenge kaye, likulira kwambiri."

A Kamphandira anayang'ana m'kachipindamo. Munali iwo, tebulo, batire ndi nyali. Anadinanso n'kulankhula mokuwa, liwu limodzilimodzi. Lonesi anakuwa nawo, ndipo china chake chinagwa kuchipindako. Anasiya.

"Achimwene, sindikumva kanthu," anatero a Mkwapatira, mawu atasintha. "Mwanayo ndi wa ndani? Kulira kumeneko si kwabwino."

Chitseko chinatseguka. Nangozo sanalowepo m'kachipindako chimangireni, koma tsiku limenelo analowa, anakankha chitseko ndi msana, n'kuima.

"Mukadinanso kamodzi mumupha," anatero.

"Ndikapanda kudina galimoto sibwera."

"Khalani pansi, bambo a Lonesi. Ndikuuzani zomwe mwamuna sauzidwa, ndipo mlandu wake ukhale wanga."

Anakhala. Mvula inali ikusokosera pa malata, moti Nangozo anachita kuwerama kuti amveke.

"Mwana wobadwa atafa kale sapita kumanda. Ndi nthayo. Timakamuika ndife amayi tokha, kudambo, dzenje losaya kuti mimba ya make isatsekeke. Sitilira, sitiika chizindikiro, sitimupatsa dzina. Amuna sapondako, sauzidwa n'komwe malo ake. Pa bango paja ndi pamenepo."

A Kamphandira anatsegula pakamwa, koma Nangozo anakweza dzanja.

"Chaka chija munali ku Karonga kokoka mawaya, Lonesi asanabadwe. Ndinabwera kuno ndi mimba ya miyezi isanu ndi inayi. Mutabwera ndinakuuzani kuti zalephereka. Munati pepani, n'kupita kokawakonzera wailesi aphunzitsi. Mukukumbuka?"

Ankakumbuka. Ankakumbukanso vuto la wailesi ya aphunzitsiyo, ndipo manyazi anawagwira.

"Dambo lonse lija, inu mwakasankha pamene ndinagoneka wanga. Mwamukhoma chitsulo. Mwamuthira mchere, munthu woti sanalawepo kanthu ka pansi pano. Mwamudzutsa, ndiye mwamukokera njira mpaka m'nyumba muno mmene muli mlongo wake ndi mimba. Mukuti apite kuti? Akufuna pogona pofunda."

"Sindinadziwe."

"Ndinakuuzani kuti kazuleni."

Maikolofoni inali ikadali m'manja mwawo. A Mkwapatira anali akuitanabe, kutchula dzina lawo la manambala mobwerezabwereza. A Kamphandira ankadziwa bwino lomwe kuti chitsulo chikazulidwa singano idzuka, ndipo mawu awo sadutsa ngakhale phiri loyamba. Galimoto sibwera. Atsala ndi mvula, ngolo, ndi mawu a mkazi wawo. Moyo wawo wonse anakhulupirira zinthu zoyezeka ndi singano, ndipo tsopano ankaopa mbali zonse ziwiri. Anayang'ana chala chawo pa kodinira paja. Kuseri kwa khoma Lonesi ankapuma movutika, akuitana amake chapansipansi.

Anaika maikolofoni patebulo.

"Ndipatseni khasu."

"Inu simupondakonso. Poyamba munapita osadziwa, pano mwadziwa. Ndikadzutsa aNamoyo, ndiwo anali nane tsiku lija. Inu zimitsani chinthuchi, mukhale pafupi ndi mwana."

Nangozo anafunda thumba kumutu, anatenga khasu ndi nyali, n'kutuluka. ANamoyo anali mzamba wakale wa pamudzipo, wokalamba, woyenda ndi ndodo. Patapita kanthawi a Kamphandira anaona pazenera kuwala kwa nyali kukutsika mtunda pang'onopang'ono, kuima, kutsikanso, mpaka bango linakumeza.

Sanazimitse. Ndinene zoona, sakanatha. Anamasula waya wa pa mlongoti, a Mkwapatira n'kuzimirira pakati pa mawu, ndipo anatsala mumdima ndi waya wa pansi wokha. Kulira kuja tsopano anakumva okha. Kunali kosasa, kotopa, kwa mwana amene walira nthawi yaitali popanda womunyamula. A Kamphandira anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

Kenaka kunamveka kugunda. Di. Di. Linali khasu, koma likumveka kuchokera pamwamba, mmene angalimvere amene ali pansi. Dothi linkagumuka. Kulira kunakula. Ndiye kunabwera mawu, otsekeka ngati a munthu wolankhula kuseri kwa bulangeti, koma anawazindikira. Zaka zonsezi sanamumvepo mkazi wawo akulankhula motero.

"Ndabwera, ndine amako. Leka, leka. Mcherewu tikuchotsa wonse, taona aNamoyo akuwola. Bambo ako sanachite dala, sadziwa kanthu amene aja. Usawakwiyire. Wa mlongo wakoyo musiye, si malo ako amenewo. Mtaye abwere, ifenso tione mwana. Sindinakuiwale ayi. Ndimadutsa apa tsiku lililonse, umandimva. Gona, mwana wanga."

Kulira kunayamba kuduka. Kunasanduka kusisima, kenaka kaphokoso kena kofewa, kobwerezabwereza, kamene aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mayi woyamwitsa amakadziwa.

A Kamphandira anatenga maikolofoni. Anthu a m'maiko makumi asanu ndi limodzi anawayankhapo pa chipangizo chimenechi, ndipo lamulo la ntchitoyi ndi loti woitana sasiyidwa osayankhidwa. Chala chinapita chokha pa kodinira. Anakumbuka kubuula kwa Lonesi, n'kuchichotsa. Anayandikitsa maikolofoni pakamwa, osadina, podziwa kuti mawuwo sapita kulikonse.

"Ndine bambo ako," anatero. "Ndakumva."

Kunamveka kukhuluzika kwa chitsulo chikutuluka m'matope, kwakutali, kosafuna kutha. Kenaka zii. M'wailesi munatsala kuwayula wamba, kopanda munthu.

Anakhala choncho osadziwa kuti papita nthawi yotani. Mvula inayamba kuchepa. Tambala analira kwa aneba, wina n'kuyankha. Kuchipinda kuja kunali chete, chete woipa, ndipo a Kamphandira ankaopa kudzuka kuti akaone. Pomaliza anadzuka, anafika pa chitseko cha Lonesi n'kuima panja, poti bambo salowa kuchipinda kwa mwana wamkazi wamkulu.

"Lonesi."

Anaitananso.

"Lonesi, mama."

"Abambo, taimani kaye," anatero Lonesi monong'ona. "Musalankhule."

Anaima, dzanja lili pa mphuthu ya chitseko.

"Wagunda," anatero Lonesi. Kenaka anaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi. "Wagundanso. Akuchita kundipweteka."

Mwanayo anabadwa patapita masiku asanu ndi limodzi, madzi a mumtsinje ataphwa, wamkazi, wochepa thupi koma wolira ngati wamkulu. Lero ali ndi ana ake. Koma izo ndi za pambuyo.

M'mawa umenewo Nangozo anakwera mtunda kutayera, matope mpaka m'mawondo, paipi yamkuwa ili paphewa. Anaiponya pabwalo. Analowa kwa Lonesi, anakhalako kanthawi, n'kutuluka kudzakhala pakhonde, akupukuta manja ndi nsonga ya chitenje. A Kamphandira anakhala pambali pake. Anayang'ana paipi ija nthawi yaitali. Kumapeto kwake, kumene kunali pansi, kunali kutakulungika kansanza kofiira, kowola, ka chitenje cha kalekale. Anachikumbuka chitenjecho. Anagula okha ku Limbe, chaka chomwe anakwatirana.

"Mayi a Lonesi," anatero a Kamphandira. "Anali mwana wanji?"

Nangozo sanawayang'ane. Anapitiriza kuchotsa dothi m'zikhadabo, chala chimodzichimodzi, mpaka anamaliza dzanja lonse.

"Wamwamuna," anatero. "Anali ndi makutu anu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikudikira kuti mufunse."